Mphaka woyera thupi koma wakuda nkhope, makutu ndi mchira: kumudziwa ndi kumusamala

Mphaka wathu wamawangamawanga anaswera m'katoni kuseri kwa matumba a chimanga, mwezi wa June kukuzizira. Ana anali anayi. Atatu anatengera mayi wawo, koma kamodzi kanali koyera mbee, kopanda ngakhale kadontho. Itatha sabata, m'mphepete mwa timakutu take munayamba kuda ngati kakhudza mwaye. Mlamu wanga anati kagudubuzika pathumba la makala, ndipo tinakapukutadi ndi kansalu konyowa, koma sizinachoke. Kenako mphuno inada, mchira unatsatira, timapazi tinamalizira. Pofika miyezi itatu anthu odutsa ankaima pampanda kufunsa kuti mphaka wachizunguyu tamugula kuti, chonsecho anabadwira m'nyumba momwemo.

Ngati muli ndi mphaka wotere, kapena wina akufuna kukugulitsani, tsatani ndondomeko iyi.

Poyamba, muyang'anitsitseni

Mutengereni poyera masana. Thupi lake liyenera kukhala loyera kapena lotuwira ngati mkaka wothira tiyi pang'ono, pomwe nkhope, makutu, miyendo inayi ndi mchira zili zakuda kuposa thupilo. Malo akudawa tiziwatcha nsonga. Wamphongo wosathena amadanso pamachende. Maso ndi a buluu nthawi zonse, kwa ena owala ngati thambo la m'mawa, kwa ena ozama kwambiri. Mphaka wamkulu wa maso achikasu kapena obiriwira ngati msipu si wa gulu limeneli, ngakhale nkhope itada bwanji.

Usiku muwalitseni ndi tochi chapatali. Maso a amphaka ambiri amanyezimira mobiriwira, koma a ameneyu amabweza kuwala kofiira. Ena akaona zimenezi amachita mantha n'kuyamba kukamba za ufiti, ndipo amphaka osalakwa aphedwapo chifukwa cha mantha otere. Palibe chamatsenga. M'diso mwake muli utoto wochepa, ndiye chimene mukuonacho ndi kufiira kwa timitsempha ta magazi ta kuseri kwa diso.

Musamusokoneze ndi mphaka woyera thupi lonse wa maso a buluu. Ameneyo kuyera kwake kumachokera kwina, ndipo ambiri otero amabadwa ogontha. Wakuda nsongayu amamva bwinobwino.

Oweta amphaka ali ndi mayina a mitundu ya nsongazi, ndipo mudzawamva kwa ogulitsa. Akati seal point akunena nsonga zoderapo kwambiri, pafupifupi zakuda bii. Chocolate ndi zofiirira ngati koko wa mkaka, blue ndi zaphulusa, lilac ndi phulusa lotuwa lokhala ngati lasakanizidwa ndi pinki. Anayiwa ndiwo akale. Palinso a nsonga zofiira ngati njerwa, a nsonga zamizeremizere okhala ndi chilembo chonga M pachipumi, ndi a nsonga zosakaniza kuda ndi kufiira, omwe pafupifupi onse amakhala aakazi.

Kenako mvetsani chimene chikuchitika pakhungupo

Apa ndipo pagona nkhani yonse, ndipo mukapamvetsa, zambiri za kasamalidwe kake zimadziwika zokha.

Utoto umene umadetsa ubweya wa nyama, tsitsi ndi khungu la munthu umatchedwa melanini. Kuti thupi liupange pamafunika kanthu kena kamene asayansi amati tyrosinase. Mwa mphaka wamba kanthuka kamagwira ntchito paliponse pathupi. Mwa mphaka wathuyu kanabadwa kosinthika pang'ono, moti sikapirira kutentha. Thupi la mphaka limatentha madigiri 38 mpaka 39, ndipo pamenepo kamalephera. Kamayamba kugwira ntchito pokhapokha khungu likazizira kufika cha m'ma 33 kutsika m'munsi. Nanga pozizira pathupi ndi pati? Kumakutu kopyapyala, kumapazi oponda pansi, kumchira kotalikirana ndi mtima, ndi pamphuno podutsa mpweya. Ndiye mukamuyang'ana mphakayu mukuona mapu a kutentha kwa thupi lake: poyera ndi potentha, pakuda ndi pozizira.

N'chifukwa chake kamwana kathu kanabadwa koyera. M'mimba mwa mayi mumatentha mofanana ponseponse, utoto sunapangike. Katatuluka n'kukumana ndi mphepo ya June, nsonga zinayamba kuda.

Mwa mawu ena, uwu ndi mtundu wina wa chialubino, koma chosafika thupi lonse. Chimapezekanso mwa akalulu oweta aja oyera a makutu ndi mphuno zakuda. Malo enieni pamene pali kusinthaku m'chibadwa cha mphaka anawalongosola mu 2005 Leslie Lyons ndi anzake a ku yunivesite ya California ku Davis, ndipo masiku ano malabu ena amayeza zimenezi pongopukuta m'kamwa mwa mphaka ndi kathonje.

Pali zinthu zingapo zimene mudzaona ndi maso anu. Mphaka wokulira kozizira ngati ku Dedza kapena ku Mzuzu amada thupi kuposa m'bale wake wokulira ku Nsanje kapena ku Nkhotakota. Amene muli ku Johannesburg kapena ku Britain mudzaona kuti ubweya womera m'nyengo yachisanu umakhala woderapo, n'kudzayeranso pang'ono akathothola. Akamakalamba amanka naderadera, moti wa zaka 10 msana wake ungafanane ndi mchira. Wonenepa kwambiri nayenso amada, poti mafuta amatchinga kutentha kuti kusafike pakhungu.

Utotowo umalowa ubweya ukamamera. Ubweya umene wamera kale susintha, choncho musayembekeze kuti akagona padzuwa lero mawa adzuka woyera. Ndipo chonde musamutsekere m'nyumba yotentha kapena kumuveka malaya pofuna kuti asade. Kuda kwake si matenda.

Dziwani mmene amatengera kwa makolo

Asayansi amati chibadwa chimayenda m'majini. Awa si majini a mizimu aja, ndi timalangizo ta m'thupi timene mwana amalandira tiwiritiwiri, kamodzi kwa bambo, kena kwa mayi. Kuti mphaka aoneke chonchi, ayenera kulandira kalangizo ka nsonga zakuda kuchokera mbali zonse ziwiri. Akalandira kumodzi kokha amaoneka wamba, koma amakasunga mobisa n'kudzakapatsira ana ake.

Ndiye werengani chonchi. Makolo onse awiri akakhala a nsonga zakuda, ana onse adzakhala otero. Mmodzi akakhala wotero, winayo wosunga mobisa, pafupifupi theka la ana. Onse awiri akakhala osunga mobisa, mwana mmodzi mwa anayi, ndipo mwina izi n'zimene zinachitika m'katoni mwathu muja, ngakhale bambo wake sitinamuonepo. Mmodzi akakhala wa nsonga zakuda koma mnzakeyo alibiretu, simudzaona mwana wotero ngakhale mmodzi, koma onse adzakhala osunga. Ziwerengerozi ndi za mwayi chabe. Bere limodzi likhoza kutulutsa atatu, lina osatulutsa n'komwe. Kumbukiraninso kuti ana a bere limodzi akhoza kukhala a abambo osiyana.

Pali kalangizo kena kachibale ka amphaka a Burmese, kamene kamangochepetsa utoto pang'ono. Mphaka akalandira ka Burmese mbali imodzi, ka nsonga zakuda mbali inayo, amatuluka wapakatikati, thupi loderapo, maso obiriwira ngati madzi a m'nyanja. Ameneyo ndiye amadziwika ndi dzina loti Tonkinese.

Musagule dzina

Anthu akangoona nkhope yakuda ndi maso a buluu amati Siamese. Kwawo kwenikweni kwa amphakawa ndi ku Thailand, dziko limene kale linkatchedwa Siam, ndipo kumeneko amawatchula Wichienmaat. Mu 1878 kazembe wa America ku Bangkok, David Sickels, anatumiza mmodzi kwa mkazi wa Pulezidenti Rutherford Hayes. Mu 1884 Edward Gould, wa ku ofesi ya kazembe wa Britain ku Bangkok, anapita ndi awiri ku Britain, Pho ndi Mia, kukapatsa mlongo wake, ndipo chaka chotsatira anaonetsedwa pa chionetsero cha amphaka ku Crystal Palace mu London. Kuchokera apo oweta anayamba kulowetsa maonekedwewa m'mitundu ina. Himalayan ndi Persian wa ubweya wautali ndi nkhope yophwatalala. Balinese ali ngati Siamese koma wa ubweya wautali. Birman ali ndi timapazi toyera ngati wavala masokosi. Ragdoll, wamkulu thupi ndi wofatsa, anayambitsidwa ndi Ann Baker ku California m'zaka za m'ma 1960.

Koma kalangizo kaja kanafalikira kale mwa amphaka a m'makwalala pafupifupi dziko lonse lapansi. Maonekedwe okha sakuuzani mtundu. Wathu uja ndi mphaka wa pamudzi wovala malaya a Siamese, ndipo ine ndimaona kuti palibe chochepa pamenepo. Chimene chimandipweteka ndi kuona munthu akulipira ndalama zambiri pa Facebook kugula kamwana ka masabata anayi, kodwala, chifukwa cha dzina lokha.

Mukafuna kugula, pitani mukaone mayi wake ndi malo amene anawo akukulira. Musatenge kamwana kosakwana masabata 8, ndipo 12 ndiye abwino koposa. Dziwani kuti ana onse a mphaka amayamba ndi maso a buluu, amasintha akadutsa masabata 6 kapena 7, ndiye maso okha asakunamizeni. Yang'anani m'makutu ngati muli zakuda zonga khofi wogaya, pamphuno ngati pali mamina, pansi pa mchira ngati pali zotsegula m'mimba, ndi pakhungu ngati pali zipere, zomwe zimapatsira ndi ana a m'nyumba omwe. Wogulitsa akanena kuti ndi wa mtundu weniweni, akuonetseni mapepala a makolo ake ndi khadi la katemera.

Katemera ndi mankhwala a njoka

Katemera woyamba, woteteza ku chimfine cha amphaka ndi matenda oopsa a m'matumbo, amabayidwa pa masabata 8 kapena 9, wachiwiri pakatha masabata atatu kapena anayi. Wa chiwewe amayamba pa masabata 12, ndipo ameneyu musamuphonye, chifukwa mphaka naye amafalitsa chiwewe monga galu. Mankhwala a njoka za m'mimba kamwana kamamwa pafupipafupi, wamkulu miyezi itatu iliyonse, makamaka ngati amagwira makoswe. Mlingo wake umatengera kulemera kwake, ndiye afotokoze ndi dokotala wa ziweto. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA lomwe lili ndi chipatala cha ziweto, kwina yambirani ku ofesi ya zaziweto ya m'boma lanu.

Chakudya

Mphaka ndi nyama yodya nyama. Mkute wa nsima wothira msuzi umadzaza mimba koma sumanga thupi lake. Amafunika taurine, chinthu chopezeka m'nyama ndi m'nsomba, ndipo chikasowa kwa nthawi yaitali mtima umafooka, maso amachita khungu. Ngati mungakwanitse chakudya cha amphaka cha m'sitolo, gulani cha amphaka, osati cha agalu. Ngati ayi, muphikireni usipa kapena matemba opanda mchere wambiri, dzira lophika, mitima ndi nthutumba za nkhuku, chiwindi pang'ono kamodzi pa sabata. Nsomba ziphikidwe, chifukwa zina zaziwisi zimawononga vitamini B1 m'thupi mwake. Anyezi ndi adyo zimaphwanya magazi a mphaka, ndiye mupatulireni zake musanakazingire. Mafupa a nkhuku ophika amathetheka n'kubaya m'matumbo. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri aakulu. Madzi oyera akhalepo usana ndi usiku, patali pang'ono ndi mbale ya chakudya.

Muzipesa, ndipo popesapo muziwerenga

Wa ubweya waufupi kumupesa kamodzi pa sabata n'kokwanira, mwina kungomusisita ndi dzanja lonyowa. Wa ubweya wautali ngati Himalayan amafuna chipeso tsiku lililonse, makamaka m'khwapa, kuseri kwa makutu ndi pamimba, pomwe ubweya umapotana n'kuchita mfundo. Mfundo ikalimba musaidule ndi lumo kapena sizasi moyandikira khungu, chifukwa khungu la mphaka n'lopyapyala ndipo limakwera limodzi ndi mfundoyo. Kusamba sikofunika pokhapokha atagwera m'mafuta kapena m'zonyansa.

Ubwino wa ubweya woyera ndi woti subisa kanthu. Timadontho takuda ngati tsabola pamsana pafupi ndi mchira ndi ndowe za utitiri. Tiikeni papepala lonyowa, tikasungunuka mofiira ndiye mwatsimikiza.

Ubweyawu umanenanso za m'thupi. Wathu atapita kukatsekedwa kuti asabereke anamumeta m'nthiti, ndipo pometapo panamera chigamba chakuda chamakona anayi ngati sitampu. Ndinada nkhawa, koma chifukwa chake n'chomwe chija: khungu lometa limazizira, ubweya woyamba umamera wakuda. Atathothola miyezi ingapo chigambacho chinazimirira. Zosiyana nazo zimachitika mphaka akadwala n'kutentha thupi kwa masiku angapo. Nkhope imamera timaubweya toyera, makamaka kuzungulira maso ngati wavala magalasi. Pamalo pamene panamangidwa bandeji kwa nthawi yaitali napo pamamera poyera. Mukaona nkhope yayamba kuchita imvi mwa mphaka wamng'ono, kumbukirani mmene wakhalira masabata apitawa. Kodi ankadya bwino? Ankabisala? Mukamuuze dokotala zimenezo.

Za dzuwa, makutu ndi mphuno zakuda zimamuteteza kuposa mphaka woyera yense, yemwe nsonga za makutu zimapsa mpaka kuchita khansa. Koma wa nsonga zofiira, kapena wa chigamba choyera pamphuno, akhale pamthunzi dzuwa likakhala paliwombo, makamaka mu October. Kabala ka pakhutu kapena pamphuno kosapola kakaonedwe msanga.

Maso

Ambiri mwa amphakawa maso awo amapendekera kumphuno, ena amanjenjemera pang'ono uku ndi uku. Kuchepa kwa utoto kuja kumasokoneza njira ya mitsempha yochoka kumaso kupita ku ubongo pamene mwana akuumbika m'mimba, moti ina imawolokera mbali imene sinayenera. Ngati anabadwa choncho palibe mankhwala, ndipo samva ululu. Amangovutika pang'ono kuyeza mtunda, ndiye nthawi zina amaphonya polumpha. Pa chifukwa chimenechi, komanso magalimoto, agalu ndi akuba amene amakopeka ndi maonekedwe ake, ine ndimamulowetsa m'nyumba dzuwa likamalowa, n'kumuikira beseni la mchenga pakona.

Chosiyana ndi diso lopendekeka mwadzidzidzi mwa mphaka amene anali bwino, diso lofiira, lotsinzina kapena la mafinya. Limenelo ndi la kuchipatala tsiku lomwelo. A nkhope yophwatalala amatuluka misozi yodetsa ubweya, apukuteni ndi thonje loviika m'madzi owiritsa ozizira, diso lililonse thonje lakelake.

Matenda ndi ziphe

Maonekedwe a ubweyawu paokha sabweretsa matenda. Amabweretsa ndi mtundu wa mphakayo. A Siamese amavutika kawirikawiri ndi mphumu, matenda a nkhama ndi mano, ndi vuto lina la chiwindi. Mphaka wa mphumu amagwada, kutambasula khosi pafupi ndi pansi, n'kumatsokomola ngati akufuna kusanza koma osatulutsa kanthu. Utsi wa mbaula, wa fodya, wa koilo ya udzudzu ndi mankhwala opopera m'nyumba zimautsa vutoli. Akagona tulo werengani kukwera kwa nthiti zake pa mphindi imodzi. Kukapitirira 30 mobwerezabwereza, kapena akamapuma ndi kukamwa, musachedwe. A Himalayan amatengera kumtundu timatumba ta madzi mu impso, a Ragdoll matenda okhuthalitsa mnofu wa mtima, ndipo zonse ziwirizi oweta osamala amayezetsa makolo asanawakweretse.

A Siamese ena amayamwa ndi kutafuna bulangete, juzi kapena ulusi. Ulusi ukamezedwa umacheka matumbo. Mukauona ukulendewera kukamwa kapena kumbuyo musaukoke, thamangani naye.

Tsopano ziphe, ndipo apa ndikupemphani ndi mtima wonse. Musamupatse Panado kapena mankhwala alionse okhala ndi paracetamol. Chiwindi cha mphaka sichitha kuwasungunula, piritsi limodzi limapha. Musamuthire dibi kapena mankhwala a utitiri a agalu, chifukwa ambiri ali ndi permethrin yemwe amamugwetsa khunyu. Werengani pabotolo ngati palembedwa kuti ndi a amphaka. Temeki ndi mankhwala ena a makoswe amapha mphaka wodya nyambo, ngakhalenso wodya khoswe amene wafa nawo, ndiye kambiranani ndi aneba asanatchere. Mphaka amene watha masiku awiri osadya, kapena wamphongo amene akudzikakamiza kukodza koma osatuluka kanthu, sangadikire mawa.

Kuthena ndi kutseka

Aakazi a magazi a Siamese amatha msinkhu msanga, ena pa miyezi inayi yokha, ndipo akafuna mphongo amalira usiku wonse ndi mawu ngati a khanda. Bere limatenga masiku 63 mpaka 65, ndipo akhoza kutenganso lina ana asanaleke kuyamwa. Mutsekeni kapena kumuthena ali ndi miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi, kwa dokotala, osati ndi mpira kapena lumo pakhomo. Wamkazi wotsekedwa asanakwane chaka amapewa kwambiri khansa ya mawere, yomwe a Siamese amaidwala kuposa ena. Wamphongo amasiya kuyendayenda, ndewu ndi kukodzera makoma. Ngati chigamba chakuda cha m'nthiti simukuchifuna, funsani dokotala ngati angachite opaleshoniyo kudzera pamimba.

Kulongolola kokha sikutha ndi opaleshoni. Amene ali ndi magazi ambiri a Siamese amakutsatirani kubafa, kukhitchini, kudimba, akuyankha chilichonse chimene mwanena, ndipo akasiyidwa okha tsiku lonse amasungulumwa mpaka kudzizula ubweya. Ngati pakhomo pamakhala popanda munthu kuyambira m'mawa, tengani awiri a bere limodzi. Muikireni chipika cha mtengo wokhala ndi khungwa chonolera zikhadabo, malo okwera pamwamba oti azionera panja, ndi katoni yokhala ndi chitenje chakale pakona yopanda mphepo. Madzulo musanamupatse chakudya, mangani nthenga za nkhuku kunsonga ya kamtengo n'kumuthamangitsa nazo mphindi 10, kenako kamtengoko kabiseni posafika iye.